Mbuna m'galasi: kusunga nsomba za m'nyanja yathu zamoyo pakhomo



Ambiri a ife izi tazionapo. Ana abwera kuchokera kugombe dzuwa litapendeka, atanyamula botolo la pulasitiki, m'kati muli tinsomba titatu tamizeremizere, tina tabuluu tina tachikasu. Aliika pawindo, aponyamo nyenyeswa za nsima, n'kukagona mitima ili mbee. Kukacha madzi ali mbuu ngati thobwa, tinsomba tonse tili chagada. Mawa lake akatenga tina. Pomatha mwezi tafa tambirimbiri, palibe kamene kalowa mumphika, palibenso kamene kagona masiku awiri.

Makolo angapo atifunsa kuti kodi n'zotheka kusunga nsomba zimenezi zamoyo m'nyumba, kapena angowaletsa anawo basi. N'zotheka ndithu. Ku Germany, ku America, ku Japan ndi kwina, anthu amazisunga zaka ndi zaka m'mathanki agalasi amene amawatcha akwariyamu, ndipo zimaswana momwemo. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Ya m'banja la chambo, utaka ndi mbuna yokha imapitirira 700, ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse. Malemu Stuart Grant anakhala zaka zambiri ku Kambiri, cha ku Senga Bay, akutumiza nsomba zamoyo kunja pandege. Dzina lakuti mbuna, limene linachokera kwa abale athu Atonga a ku Nkhata Bay, lero limadziwika m'masitolo a nsomba kumaiko akutali. Koma ife eni ake, tinene zoona, nsomba timaidziwa bwino ikakhala pathandala kapena m'mbale. Mmene imakhalira pansi pamadzi ambiri sitinaonepo.

Tisanafike pa kakonzedwe, timvetsetse kaye chimene chimapha tinsomba ta m'botolo tija. Si njala ayi. Nsomba ikhoza kukhala sabata yathunthu osadya. Chimene chimasowa m'botolo ndi ntchito imene nyanja imaigwirira nsomba usana ndi usiku, ife osazindikira. Ukaichotsa m'nyanja, ntchito yonseyo yagwera iwe. Masheikh athu amatikumbutsa kawirikawiri kuti chiweto chimene wachitsekera, moyo wake uli m'manja mwako. Nsomba ya m'galasi nayonso ndi chimodzimodzi.

Ntchito imene nyanja imagwira

Choyamba ndi mpweya. Nsomba imapuma mpweya wa okosijeni umene unasungunuka m'madzi, ndipo mpweyawo umalowa kudzera pamwamba, pamene madzi akumana ndi mphepo. Mbuna zimakhala m'miyala momwe mafunde amaomba osalekeza, ndiye zinazolowera madzi a mpweya wambiri. Botolo lili ndi kukamwa kochepa, madzi ake sagwedezeka, mpweya umatha m'maola ochepa. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa kuposa ozizira, n'chifukwa chake botolo la pawindo, padzuwa, limapha msanga. Mukaona nsomba zili pamwamba zikuyasamula pakamwa ngati zikumwa mphepo, dziwani kuti zikubanika.

Chachiwiri, chimene ambiri sachidziwa, ndi zonyansa za nsombayo. Nsomba iliyonse imatulutsa poizoni wotchedwa amoniya, makamaka kudzera m'makha mwake mmene imapumira. Ndi chinthu chomwe chija chimatilasa m'mphuno tikalowa m'khola la nkhuku losasesa. Chakudya chotsala chikamaola chimatulutsanso amoniya yemweyo. M'nyanja sizivuta, madzi ndi ambiri, komanso pamiyala ndi pamchenga pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya amoniya. Gulu lina la tizilomboti limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni, kenaka gulu lina limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene savulaza kwambiri. Alimi naitireti ameneyu mukumudziwa, ndi chakudya cha mbewu chomwe timachifuna mu feteleza. Thanki yatsopano, yotsukidwa bwino, ilibe tizilombo timeneti. Kuti tichuluke mokwanira pamatenga masabata 4 mpaka 6. Munthu akathira nsomba 15 tsiku loyamba, amoniya amaunjikana, nsomba zimapsa m'makha, ndipo zimafa madzi akuoneka oyera bwinobwino. Mwini wake amangoti mwina zalodzedwa, chonsecho ndi changu chake.

Chachitatu ndi kutentha. Madzi a pamwamba m'nyanja yathu amasintha pang'onopang'ono, pakati pa madigiri 23 ndi 29 chaka chonse. Madzi ochepa satero. M'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala amatentha masana ngati a tiyi, ndipo mu Juni ndi Julaye, mwera ukamaomba, amazizira kwambiri m'bandakucha. Kusinthasintha kumeneku kumafooketsa nsomba, matenda n'kulowerapo.

Zonse zitatuzi mankhwala ake ndi amodzi: madzi ambiri, nsomba zochepa, ndi kudekha.

Chosungiramo

Thanki yagalasi yotalika masentimita 90, mulifupi 40, msinkhu 40, imalowa malita 144, ndiye kuti ndowa 7 za malita 20. Yocheperapo pamenepa ife sitikulimbikitsa kwa mbuna, chifukwa ndi nsomba zandewu. Odula magalasi a mawindo m'matauni akhoza kukudulirani, koma galasi la windo wamba ndi lopyapyala, lingathe kuphulika. Pemphani la mamilimita 6 kapena 8, ndipo pamwamba pakhale kagalasi kopingasa kogwira mbali ziwiri zazitalizo. Zomatira zake ndi silikoni, koma osati uja wa m'bafa wolembedwa kuti amaletsa nkhungu, chifukwa muli mankhwala opha nsomba. Mukamata dikirani masiku atatu, kenaka yesani kudzaza madzi panja, osati m'nyumba. Kumbukiraninso kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mukaphatikiza miyala ndi galasi, katunduyo akuyandikira matumba anayi a chimanga. Katebulo ka tiyi sikangathe. Pamafunika pamalo polimba, posapendekeka, pamthunzi, kutali ndi moto.

Amene galasi lawakulira mtengo asataye mtima. Mgolo wa pulasitiki wodula pakati umagwira ntchito, bola usakhale umene munali mafuta kapena mankhwala. Ena amamanga kathanki ka simenti pakhonde. Simenti yatsopano imawawitsa madzi, ndiye muziidzaza ndi kutaya madziwo kwa masabata angapo musanaikemo chamoyo. Mabeseni achitsulo ndi ndowa za malata ayi. Kuipa kwa mgolo ndi simenti n'kwakuti nsomba mumazionera pamsana pokha, pamene kukongola kwa mbuna kuli m'nthiti.

Chilichonse chimene mwasankha chikhale ndi chovundikira cholowa mpweya. Nsomba ikadzidzimuka imadumpha, ndipo amphaka athu sachedwa kumva. Pakhomo pamene pali ana oyamba kuyenda, mgolo kapena thanki ya simenti yosavundikira ndi ngozi kwa mwanayo, osati kwa nsomba yokha.

Pali timakina tating'ono topopera mpweya m'madzi, tina timayendera batire kapena sola yomwe timatchajira mafoni. Kapaipi kake mukakalowetsa m'siponji, madzi amadutsa m'siponjimo ndipo tizilombo todya amoniya tija timamanga mudzi mmenemo. Imeneyo ndiyo sefa yabwino komanso yotchipa. Siponjiyo ikada muziifinya m'madzi amene mwachotsa m'thanki momwemo, osati ndi sopo, osatinso pampopi. Muli ndi kamakina kotere, m'malita 144 mungasunge mbuna 8 kapena 10. Popanda kamakina, zinayi kapena zisanu zakwana, ndipo musaonjezere ngakhale ana alire chotani.

Madzi

Apa ndiye ife tili ndi mwayi umene anzathu akunja amausirira. Madzi a m'nyanja yathu ali ndi michere yakeyake, ndipo azungu amachita kugula mankhwala a m'mapaketi kuti madzi awo afanane nawo. Ife timangotunga. Tungani kutali ndi pamene anthu amachapira, kusamba ndi kutsuka mainjini, ndipo madziwo akhale m'chigubu masiku atatu musanawathire m'thanki. Chifukwa chake tichifotokoza tikafika pa nkhono.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amapha nsomba pamodzi ndi tizilombo tothandiza tija. Akhale m'ndowa yosavundikira tsiku lathunthu kapena awiri kuti klorini auluke. Madzi amene mwathiramo mankhwala oyeretsera madzi akumwa musawayandikize n'komwe. A pamjigo nthawi zambiri amakhala bwino, koma amatuluka pansi alibe mpweya wokwanira, ndipo mijigo ina ya m'mphepete mwa nyanja ndi yamchere. Mukaulawa n'kumva mchere, usiyeni. Madzi amvula paokha sayenerana ndi mbuna.

Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, ndiye kuti ndowa ziwiri pa thanki tanena ija, n'kubwezeramo atsopano pang'onopang'ono. Masabata oyamba aja chitani zimenezi kawiri pasabata. Sankhani tsiku losaiwalika, kaya Lachisanu mukabwerako ku Juma. Pochotsa, kokani ndi kapaipi kuchokera pansi pamene pamadikha zinyalala. Cholakwa chimene amayi aukhondo amachita ndi kukhuthula zonse, kukwecha miyala ndi sopo, n'kudzaza madzi atsopano. Thanki imawala ndithu, koma mudzi wa tizilombo uja wapasuka, mwayambiranso pachiyambi. Madzi ochotsawo musataye pabwalo, kathirireni tomato kapena mpiru, muli chakudya cha mbewu.

Nsomba ziti?

Si nsomba iliyonse imene imalola kukhala m'galasi. Usipa musavutike nawo, umafa ukangokhudzidwa. Utaka ndi mcheni ndi nsomba za pamtunda wa madzi, zimafuna malo othamanga. Kampango, bombe ndi mlamba ukazitenga zili zazing'ono zimaoneka zofatsa, koma zimakula ndipo usiku zimameza anzawo mmodzimmodzi. Kasawala ndiye ayi ndithu. Ameneyo ndi chambo cha mawa, malamulo amaletsa kumugwira, ndipo chambo chatsala chochepa kale.

Zoyenera ndi mbuna. Zambiri sizipitirira masentimita 10 kapena 12, ndi zolimba, ndipo moyo wake wonse zimakhala pamulu umodzi wa miyala, choncho malo ochepa siziwadandaula kwambiri. Pali zija zamizere yakuda yoimirira pathupi labuluu, zimene m'mabuku amazitcha zebra. Pali za mlomo wokhuthala wopindikira pansi ngati mphuno, zotchedwa Labeotropheus, zimene zimapala ndere pamwala zitagona chafufumimba. Pali auratus, imene yaikazi ndi yachikasu yamizere yakuda yopingasa, pamene yaimuna ikakula imada. Imeneyi ndi yokongola koma ndewu yake ndi yoopsa, oyamba kumene aipewe. Nkholokolo imodzi yaing'ono imakhala bwino ndi mbuna, imatola zotsala pansi. Samalani minga yake pogwira, imakola muukonde ndipo ikakubaya umadziwa.

Mbuna yaimuna imatenga phanga lake n'kumalilondera ngati munda. Mukaika amuna awiri a mtundu umodzi m'thanki yaing'ono, wamphamvu amathamangitsa mnzake mpaka kumupha. Ikani yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi. Yaimuna imakhala yowala kwambiri, ndipo pachipsepse cha pansi chakumchira imakhala ndi timadontho tachikasu tooneka bwino ngati timazira. Miyala muunjike yambiri mpaka kupitirira theka la thanki, pakhale mapanga ndi mipata yoti yothamangitsidwa ibisalemo. Yambani kuyala miyala pansi penipeni, mchenga pambuyo, chifukwa mbuna zimakumba, ndipo mwala wokhala pamchenga ukhoza kugwa n'kuswa galasi.

Kumene mungatenge ndi katengedwe kake

Kuli malo amene simuyenera kugwirako nsomba ngakhale imodzi. Paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza mbuna zomwezi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Imatenga mapiri a ku Cape Maclear ndi zilumba monga Thumbi, Domwe, Mumbo, Boadzulu ndi Maleri, pamodzi ndi madzi ofika mamita 100 kuchokera pagombe la malo amenewa. Abale a ku Chembe ndi midzi yoyandikana nayo malirewa amawadziwa. Kunja kwa paki, yambani mwafunsa a komiti ya pagombe, a BVC, kapena mlangizi wa zausodzi. Kugwira nsomba zamoyo kuti mugulitse kapena kutumiza kunja ndi nkhani ina, imafuna chiphaso cha boma.

Mbedza imang'amba pakamwa, ndipo mbuna imadya ndi milomo yomweyo popala ndere, choncho yogwidwa ndi mbedza nthawi zambiri sichira. Akatswiri amatchinga kaukonde kakang'ono pakati pa miyala n'kuziingitsira pamenepo modekha. Neti ya udzudzu ndi yogonamo, osati yophera nsomba, ndipo katupe tisamutchule n'komwe. Tengani za m'madzi osaya, ofika m'chiuno kapena m'khosi. Nsomba ya pansi kwambiri ukaikweza msanga, kathumba kake ka mpweya ka m'mimba kamafufuma, monga timaonera pa zija zotuluka m'matchera akuya maso ali tong'o. Otumiza nsomba kunja amazikweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo, ife zipangizo zimenezo tilibe. Mukagwira yaikazi yotupa kukhosi, yosatsegula pakamwa, ibwezeni pomwepo. Yafungatira mazira.

Nyamulani m'ndowa yodzaza theka, yovundikira, nsomba zochepa, ndipo musaime panjira kucheza. Pofika kunyumba musazikhuthulire m'thanki nthawi yomweyo. Muzithira kapu imodzi ya madzi a m'thanki m'ndowamo pakapita mphindi zingapo, mpaka theka la ola, kuti zizolowere. Ulendo woyamba tengani ziwiri kapena zitatu zokha. Zina zidzabwere pakatha mwezi ndi theka.

Nkhono: apa tisamale kwambiri

Ana amakonda kutola nkhono, ndipo m'mabuku a azungu mumalembedwa kuti nkhono zimathandiza kuyeretsa thanki. Kwawoko mwina. Kuno nkhono zina za m'madzi ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a likodzo amaswa, tizilomboto timalowa m'nkhono, timachulukana mmenemo kwa masabata angapo, kenaka timayamba kutuluka tambirimbiri tsiku ndi tsiku, makamaka masana. Timalowa pakhungu la munthu popanda bala lililonse. Nkhono imodzi yodwala ikhoza kutulutsa tizilomboti kwa masabata ambiri. Tsono taganizani, mwaiika m'malita 144, m'chipinda chochezera, mmene mwana amapisamo dzanja tsiku lililonse. Ndiye kuti likodzo mwalitenga kugombe n'kulipatsa malo m'nyumba.

Nkhono zofalitsa likodzo la m'chikhodzodzo ndi za mtundu wa Bulinus, zazing'ono ngati nsonga ya chala. Kale anthu ankati zimangopezeka m'madambo ndi m'mabango, koma ofufuza anapeza kuti mtundu wina, Bulinus nyassanus, umakhala pamchenga wa nyanja yeniyeniyo ndipo nawonso umafalitsa matendawa. Ku Cape Maclear anaonanso kuti nkhono zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a m'mphepete. Si nkhono zonse zili ndi vutoli. Zikuluzikulu zija za zigoba zozungulira, zotchedwa Lanistes, sizifalitsa likodzo. Koma zikakhala zazing'ono, ndani wa ife angalumbire kuti iyi ndi iyi? Maganizo athu ndi akuti nkhono yamoyo isalowe m'thanki, kaya ndi yamtundu wanji. Chigoba chopanda kanthu, chouma bwino padzuwa, chilibe vuto. Kulinso kambuna kena ka pamchenga kamene kamabisala m'zigoba za Lanistes zomwezo.

Tizilombo ta likodzo tikatuluka m'nkhono sitikhala moyo kupitirira masiku awiri kapena atatu ngati sitinapeze munthu. N'chifukwa chake tinati madzi a m'nyanja ayambe akhala m'chigubu masiku atatu. Mchenga muutsuke, muusefe, muuyanike padzuwa mpaka uume gwa. Miyala yambiri ichitidwe chimodzimodzi. Iwiri kapena itatu yokha, yosalala, yopanda ming'alu, muiyang'anitsitse mbali zonse n'kuiika ili yonyowa, kuti ibweretse mbewu ya tizilombo tothandiza tija. Zomera za m'madzi zimabisa tinkhono, ndipo mbuna zimazizula ndi kale, ndiye zisiyeni. Namasupuni ndiye musamunyamule kupita naye kulikonse, tonse taona zimene wachita mumtsinje wa Shire. Ndipo mwana aliyense amene akukodza magazi apite kuchipatala. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amachiza.

Nkhanu ndi nkhani ina. Ija yabuluu ya m'miyala ndi yosangalatsa kuiyang'ana, makamaka ikamafundula chigoba chake n'kutuluka yofewa. Koma usiku imagwira nsomba zogona, ndipo ikafundula nsombazo zimaibwezera. Imakweranso kapaipi ka mpweya n'kutuluka, mudzaipeza kuseri kwa thumba la ufa itauma. Ngati ana aikonda, ikhale yokha m'chosungira chake, madzi osaya, mwala wotulukira pamwamba, ndi chovundikira cholemera.

Chakudya

Mbuna zambiri chakudya chake chachikulu ndi ndere za pamiyala ndi tizilombo tating'ono tokhala m'nderemo. Matumbo ake ndi aatali, opangidwira zamasamba. Mukazidyetsa nyama, matumbo a nkhuku kapena usipa tsiku ndi tsiku, zimatupa mimba, zimasiya kudya, n'kufa. Matenda amenewa ndi odziwika kwambiri moti akunja anawapatsa dzina la dziko lathu, amati Malawi bloat. Nsima ndi buledi siziyenera, zimasungunuka n'kuwolesa madzi.

Njira yosalira ndalama ndi iyi. Ikani miyala ingapo m'beseni la pulasitiki la madzi padzuwa, muvundikire ndi kansalu kopyapyala kuti udzudzu usaikiremo mazira. Pakatha sabata kapena awiri miyalayo imamera ndere zobiriwira. Muzitenga umodzi n'kuika m'thanki, zikaupala mubwezere m'beseni n'kutenga wina. Onjezerani tsamba la mpiru, chinese kapena nkhwani lofutsa pang'ono m'madzi otentha opanda mchere, koma likhale la m'dimba limene simunapopere mankhwala. Nkhungu zikagwa, pang'ono pokha zimakondwera nazo. Chakudya chogula cha nsomba za m'madamu chimathekanso mukachiphwanya, kambewu kochepa. Muyezo wake ndi wakuti chithe m'mphindi ziwiri, kamodzi patsiku. Chotsala chotsani. Pakhomo pasankhidwe munthu mmodzi wodyetsa, chifukwa aliyense akamaponyamo kake pomvera chisoni, nsomba zimafa ndi chikondi chomwecho.

Adani a m'nyumba

Mankhwala ophera udzudzu ndi poizoni woopsa kwa nsomba, ngakhale atakhala ochepa zedi. Mukamapopera m'nyumba, kapena akabwera opopera makoma aja, zimitsani kamakina ka mpweya, phimbani thanki yonse ndi pulasitiki ndi nsalu, ndipo mutsegule pokhapokha fungo litatha. Koyilo ya udzudzu isayake pafupi. Ndowa imene mwachapiramo neti isakhudze madzi a nsomba. Thanki ikhale ndi ndowa yakeyake, yosalowa sopo. Abambo ochokera kumunda kothira mankhwala a thonje kapena a mbozi za chimanga, kapena amene agwira petulo wa injini, asambe m'manja bwinobwino asanapisemo. Kunena za udzudzu, thanki yokhala ndi nsomba siweta udzudzu, mphutsi zake ndi ndiwo kwa mbuna. Koma nsomba zikatha musasiye madziwo ali chikhalire.

Magetsi akazima kapena batire ikatha, musadyetse tsiku limenelo. Muzitunga madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo pa ola, mpweya umalowa.

Zimene mudzaone

Zikakhazikika, pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mudzaona yaimuna ikuwala kuposa kale, ikufukula kadzenje pafupi ndi phanga lake, ikunjenjemera pamaso pa yaikazi. Ziwirizo zimazungulirana. Yaikazi imaikira dzira limodzi kapena angapo, n'kutembenuka msanga kuwatola ndi pakamwa. Kenaka imalondola timadontho tachikasu tija pachipsepse cha yaimuna ngati ikufuna kutolanso, ndipo pamenepo mbewu ya yaimuna imalowa m'kamwa n'kukumana ndi mazira. Kuyambira tsiku limenelo mayiyo amabisala m'miyala, khosi lili lotupa, osadya pafupifupi masabata atatu. Amangogubuduza mazirawo m'kamwa kuti apitidwe madzi abwino. Tsiku lina mudzangoona tiana 10, kaya 20, tatuluka tikusambira kale.

Chambo chimaswana mwanjira yomweyi. Asodzi tonse tinaonapo chambo chikulavula tiana m'bwato khoka likakokedwa nthawi yolakwika, koma pamenepo timaona mapeto okha. M'galasi mwana amaona nkhani yonse ndi maso ake, masabata atatu a njala aja, ndi kuchepa kwa ana amene nsomba imodzi imatulutsa. Mwana wotero sufunikanso kumufotokozera zambiri za chifukwa chimene nyanja imatsekedwera kumapeto kwa chaka.

Tsono tianato tikachuluka, kapena mukatopa nazo, muchite nazo chiyani? Apa ambiri amaganiza kuti kukazitaya m'nyanja paliponse ndi chifundo. Mbuna siziwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, choncho mulu uliwonse wa miyala, chilumba chilichonse, chili ndi mitundu yake ndi mawanga ake amene sapezeka pena. M'zaka za m'ma 1960 wogulitsa nsomba wina anatayira pachilumba cha Thumbi West mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja, za mtundu wa Cynotilapia afra. Zinakhazikika, zinafalikira kuzungulira chilumbacho, ndipo ofufuza anadzapeza kuti zayamba kuswana ndi mbuna za pomwepo. Zoterezi sizibwezeka. Palibe amene angalowe m'madzi kukasankhula.

Choncho nsomba ibwerere pamiyala yomweyo pamene munaitenga, ndipo pokhapokha ngati ili yathanzi, sinakhale pamodzi ndi nsomba zogula kusitolo kapena za kudera lina. Tiana tobadwira m'thanki mmene muli mitundu yosakanikirana tisapite m'nyanja, chifukwa m'galasi mbuna zimakwatirana ndi mitundu imene kunyanja sizikanayang'anana. Timeneto gawirani anansi amene akonza thanki yawo, kapena kasiyeni kusukulu ngati aphunzitsi ali ndi posungira. Nsomba zofiira za m'masitolo a m'tauni, ndi zina zonse zachilendo, zisafike m'nyanja, mumtsinje kapena m'damu, zamoyo kapena zakufa. Yakufa ikwirireni m'dimba, ndipo tsiku lomwelo musinthe ndowa ziwiri za madzi.